Chifukwa chake lata limapindika koma mchere umaphwanyika

Pamsika wa Ndirande, ngakhalenso kwa Mchesi ku Lilongwe, simufunika kufunsa kumene kuli amisiri okhoma ndowa ndi mbaula, chifukwa phokoso la nyundo limakutsogolerani lokha. Mmisiri amatenga chidutswa cha lata, n'kuchigoneka pa chitsulo cha njanji, n'kuyamba kumenya. Latalo limapindika, limafutukuka, limalola kupindidwa mkombero mpaka kukhala ndowa yosadontha. Chapafupi pomwepo pamakhala mayi wogulitsa mchere wamiyala. Tengani m'bulu umodzi, muumenye ndi nyundo yomweyo kamodzi kokha, mudzaona ukumwazika tizidutswa. Zinthu ziwirizi n'zolimba, ndipo zonse zimafuna moto woopsa kuti zisungunuke, koma nyundo ikafika china chimagonja pamene chinzake chimasweka. Kusiyanaku kumachokera pa nkhani imodzi yokha: kumene maelekitironi a chinthucho amakhala, ndiponso ngati ali omangika kapena omasuka.

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu. Pakati pa atomu pali kachimake kokhala ndi mphamvu ya magetsi ya pulasi, ndipo mozungulira muli maelekitironi okhala ndi mphamvu ya mayinasi, zizindikiro zomwe zija timaziona kumapeto kwa batire. Pulasi ndi mayinasi zimakokana, koma pulasi ndi pulasi zimakankhana, chimodzimodzinso mayinasi ndi mayinasi. Elekitironi inatulukiridwa ndi J.J. Thomson ku Cambridge mu 1897, ndipo pasanathe zaka 20 akatswiri anali atazindikira kuti maelekitironi amakhala m'magulu osanjikizana ngati zikhungwa za anyezi. Amkati amagwiridwa zolimba ndipo salowerera nkhani za kunja. Amene amamanga atomu ndi inzake ndi akunja kwenikweni aja.

Tiyambe ndi mchere wathu wa mundiwo. Muli zinthu ziwiri zimene palibe angayerekeze kuzilawa pazokha. Choyamba ndi sodiyamu, chitsulo chofewa chodulika ndi mpeni, chimene chimalusa chikakhudza madzi moti amachisunga m'mafuta. Chachiwiri ndi klorini, mpweya wapoizoni umene unapha asilikali ambiri ku Ypres mu 1915 pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Atomu ya sodiyamu ili ndi maelekitironi 11: awiri mkati, asanu ndi atatu pakati, ndi imodzi yokha kunja. Ya klorini ili ndi 17: awiri, asanu ndi atatu, kenako asanu ndi awiri kunja, kutanthauza kuti pagulu lakunjalo patsala malo amodzi. Ziwirizi zikakumana, elekitironi ya sodiyamu imasamukira ku klorini. Sodiyamu imatsala ndi pulasi yoposa, klorini imakhala ndi mayinasi yoposa. Atomu yotere, imene yataya kapena kulandira elekitironi, imatchedwa ayoni, dzina limene Michael Faraday anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1834. Musalisokoneze ndi ayironi, chitsulo cha makasu. Mayinawa amangomveka mofanana.

Kusukulu ambiri tinauzidwa kuti sodiyamu imapereka elekitironi chifukwa "imafuna" kutsala ndi asanu ndi atatu kunja. Mawuwa amathandiza kukhoza mayeso, koma amabisa chenicheni, ndipo ine ndimaona kuti wophunzira amene wangoimira pamenepa samvetsa chifukwa chake mchere uli mmene ulilimu. Kuchotsa elekitironi pa sodiyamu si kwaulere. Pa magalamu 23 a sodiyamu pamafunika mphamvu yokwana makilojulu 496 kuti atomu iliyonse itaye elekitironi yake. Klorini polandira maelekitironiwo imabweza makilojulu 349 okha. Zikanathera pomwepo, bizinesiyi ikanakhala yoluza ndipo sikanachitika. Phindu limabwera pambuyo pake, pamene maayoni a pulasi ndi a mayinasi akokana n'kudzisanja mothithikana. Kusanjanaku kumatulutsa makilojulu pafupifupi 787. Choncho chimene chimapanga mchere ndi kukokana kwa khamu lonse la maayoni, ndipo kusamuka kwa elekitironi ndi khomo chabe lolowera.

Kasanjidweko kanaoneka koyamba mu 1913, pamene William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence anawalitsa cheza cha X-ray pa mibulu ya mchere n'kuwerengera mmene chezacho chinkabwererera. Anapeza kuti mumchere mulibe timabanja ta awiriawiri, sodiyamu imodzi ndi klorini yake. Ayoni iliyonse ya sodiyamu yazunguliridwa ndi maayoni asanu ndi limodzi a klorini: kumanja, kumanzere, kutsogolo, kumbuyo, pamwamba ndi pansi. Klorini iliyonse nayo yazunguliridwa ndi masodiyamu asanu ndi limodzi. Zili ngati thabwa la drafuti, pamene kabokosi koyera kamagundana ndi takuda tokhatokha, kungoti apa matabwawo asanjikizana mamiliyoni osawerengeka. Bragg ndi mwana wakeyo analandira mphoto ya Nobel mu 1915, Lawrence ali ndi zaka 25 zokha. Akatswiri ena akale zinawavuta kuvomereza, moti mu 1927 Henry Armstrong analemba kalata yokalipa ku magazini ya Nature kukana zoti mumchere mulibe timabanja totere. Koma mukayang'anitsitsa tinjere ta mchere wosalala pa nsalu yakuda, mudzaona kuti tambiri ndi timabokosi ta ngodya zowongoka. Maonekedwe akunjawo akungotsanzira kasanjidwe ka mkati.

Tsopano bwererani ku nyundo ija. M'bulu wa mchere uli phee, pulasi iliyonse yayang'anizana ndi mayinasi, ndipo zonse zikukokana. Nyundo ikamenya, mzere wina wa maayoni umasunthika pang'ono kwambiri, mtunda wa ayoni imodzi basi. Pamenepo pulasi imapezeka pafupi ndi pulasi inzake, mayinasi pafupi ndi mayinasi, mzere wonse kuyambira uku mpaka uko. Mphamvu imene inkagwirizanitsa m'buluwo imasanduka yokankhana, ndipo m'bulu umang'ambika motsatira mzerewo. N'chifukwa chake zidutswa za mchere wosweka zimakhala ndi mbali zosalala ngati zadulidwa ndi lumo. Mchere ndi wolimba ndithu, koma kulimba kwake n'kosadziwa kugonja.

Kuti maayoni amenewa alekane ndi moto pamafunika kutentha kwa madigiri 801 pa sikelo ya Celsius, pamene sodiyamu payokha imasungunuka pa madigiri 98. Mungaiwale mphika pamoto ndiwo n'kupserera, koma mchere wake umatsala osasungunuka. Maayoni akakhala ndi mphamvu zowirikiza, kukokana kumakula kwambiri. Chitsulo china chotchedwa maginiziyamu chimataya maelekitironi awiri, okosijeni n'kulandira awiriwo, ndipo chotulukapo chimasungunuka pa madigiri oposa 2,800. Ndiye chifukwa chake amachiumba njerwa zoyala mkati mwa ng'anjo zosungunulira zitsulo.

Chimene moto wophikira ndiwo umalephera, madzi amachichita mosavuta. Kanthu kalikonse ka madzi kali ndi mbali ina yopendekera ku pulasi, ina ku mayinasi. Timeneti timazinga ayoni iliyonse ya pamwamba pa m'bulu, n'kuinyengerera kuchoka pa mzere, mpaka m'bulu wonse utatha. Lita imodzi ya madzi imatha kumeza magalamu pafupifupi 360 a mchere. Mchere wouma sudutsa magetsi chifukwa maayoni ake ndi omangika pamalo amodzi, koma ukasungunuka maayoniwo amayenda, ndipo mphamvu ya magetsi imayenda nawo. Apa m'pamene pagona chenjezo lakuti musagwire soketi kapena waya ndi manja onyowa. Madzi a pampopi ali ndi maayoni, thukuta lathu lilinso ndi mchere, ndipo khungu lonyowa limatsegulira magetsi njira yolowera m'thupi. Svante Arrhenius wa ku Sweden atalemba mu 1884 za mmene mchere wosungunuka umadutsira magetsi, aphunzitsi ake sanakhutire nazo kwenikweni, koma ganizo lomwelo linam'patsa mphoto ya Nobel mu 1903.

Amayi athu akhala akuchita ntchito ya maayoni kuyambira kale popanda kuitchula dzina. Pokonza chidulo cha thelere, amathira madzi pa phulusa n'kumadontheza pansi. Madziwo amatenga mchere wa potaziyamu umene unali m'phulusamo n'kusiya makala ndi zina zosasungunuka. Kuchokera ku mankhwala a phulusa la mitengo otere, Humphry Davy ku London anatulutsa chitsulo cha potaziyamu mu 1807 podutsitsa magetsi, ndipo chaka chomwecho anatulutsanso sodiyamu.

Nkhani ya zitsulo imayamba ndi funso losavuta. Atomu ya chitsulo imagwira maelekitironi ake akunja mofooka. Ikakumana ndi klorini kapena okosijeni, imawataya. Nanga ikakhala pakati pa zinzake zokhazokha, monga mu waya wa mkuwa, pamene aliyense ndi wopereka ndipo wolandira palibe? Zimene zimachitika n'zakuti maatomu onse amamasula maelekitironi awo akunja, ndipo maelekitironiwo sakhalanso a atomu iliyonse. Amakhala a chitsulo chonse, ngati ana a m'mudzi umene anthu amakhulupiriradi kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe: amadya paliponse, amalowa nyumba iliyonse. Maatomu otsalawo, amene tsopano ali ndi pulasi, amakhala m'mizere yawo atamizidwa m'nyanja ya maelekitironi oyendayenda, ndipo nyanjayo ndi imene imawagwira pamodzi. Paul Drude wa ku Germany ndiye anayamba kufotokoza zitsulo motere mu 1900. Ena anadzakonza masamu ake pambuyo pake, koma chithunzi chakecho chikugwirabe ntchito.

Ganizirani nyemba mumsuzi. Mukavundula ndi chipande, nyemba zimasinthana malo, koma iliyonse imakhalabe yozunguliridwa ndi msuzi. Umu ndi mmene lata limachitira pansi pa nyundo. Mzere wa maatomu ukatsetsereka pamwamba pa unzake, palibe choopsa chimene chimachitika, chifukwa maatomu onse ndi ofanana ndipo maelekitironi amatsatira kulikonse kumene apita. Mgwirizano suduka, umangosamukira pamalo atsopano. Motero mkuwa umakokedwa kukhala waya woonda ngati tsitsi, ndipo galamu imodzi ya golide imatha kupsyatidwa mpaka kukuta malo pafupifupi mita imodzi mulitali ndi mulifupi.

Maelekitironi omasuka omwewo ndi amene amanyamula magetsi. Chodabwitsa n'chakuti iwo sathamanga mu waya monga ambiri timaganizira. M'mawaya a m'nyumba amasuntha pang'onopang'ono zedi, koma babu limayaka nthawi yomweyo chifukwa waya ndi wodzaza kale, ngati paipi yodzaza madzi: mukakankha kuno, kumapeto kumatuluka pompo. Amanyamulanso kutentha. Siyani supuni yachitsulo mumphika wa phala, posachedwa simungaigwire, pamene mthiko umakhala momwemo tsiku lonse osakuotchani, poti mumtengo mulibe maelekitironi oyenda. Ngakhale kunyezimira kwa poto wotsukidwa bwino ndi mchenga ndi ntchito yawo, chifukwa kuwala kukagwa pa chitsulo iwo amakubweza.

Pa kudutsa magetsi siliva ndiye patsogolo, mkuwa n'kutsatira pafupi. Aluminiyamu imadutsa pafupifupi magawo 61 pa 100 a mmene mkuwa umachitira, koma kulemera kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a mkuwa. N'chifukwa chake mawaya aakulu a pamapolo otalika amakhala a aluminiyamu, nthawi zambiri okhala ndi mtima wa chitsulo cholimba pakati, pamene a m'khoma la nyumba amakhala a mkuwa.

Mphamvu ya mgwirizanowu imasiyana kwambiri pakati pa zitsulo. Mekyule ndi yamadzimadzi ngakhale kunja kukuzizira, ndipo imalimba pa madigiri 39 kunsi kwa ziro. Mtovu umasungunuka pa 327, aluminiyamu pa 660, mkuwa pa 1,085, ayironi pa 1,538, ndipo tangisiteni, kawaya ka m'mababu akale aja, imapirira mpaka 3,422.

Gawo limene limandikoka mtima kwambiri ndi ili. Akatswiri atawerengera mphamvu yofunika kuti mzere wathunthu wa maatomu utsetsereke nthawi imodzi, anapeza kuti zitsulo zimayenera kukhala zolimba kuwirikiza kambirimbiri kuposa mmene zilili. Yankho linabwera mu 1934 kuchokera kwa anthu atatu amene ankagwira ntchito payekhapayekha: Geoffrey Taylor, Egon Orowan ndi Michael Polanyi. Mizere ya maatomu m'chitsulo si yangwiro. Muli malo amene mzere wina umathera panjira, n'kusiya kakhwinya. Chitsulo chikamapindika, kakhwinyako n'kamene kamayenda, atomu imodzi imodzi. Zili ngati kusuntha mphasa yaitali imene paikidwa katundu: kuikoka yonse n'kovuta, koma mukapanga khwinya kumapeto n'kumalikankha mpaka litatulukira uko, mphasa yasuntha mosavutikira.

Mukamvetsa zimenezi, luso lonse la osula limatseguka. Kulimbitsa chitsulo ndiko kutchingira timakwinyati njira. Tengani waya muzimupinda uku ndi uku pamalo amodzi. Poyamba amafewa m'manja, kenako pamalopo pamatentha ndi kuuma, mapeto ake amathyoka. Kupinda kulikonse kumabala timakwinya tatsopano mpaka timapiringizana n'kulephera kuyenda. Mmisiri wodziwa ntchito akaona kuti chitsulo chayamba kukana nyundo amachibwezera pamoto, ndipo kutenthako kumalola maatomu kudzisanjanso, chitsulo n'kufewa.

Njira ina ndi kusakaniza. Ayironi yoyera ndi yofewa moti singapange khasu labwino. Mukalowetsamo kaboni pang'ono, wosafika magawo awiri pa 100, timaatomu take timakhala m'mipata ngati miyala pamsewu, ndipo mwapeza chitsulo cha zikwanje ndi masipuling'i a galimoto. Makolo athu amene ankasungunula miyala ya chitsulo m'ng'anjo zadothi, zonga zimene zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu, ankalowetsa kaboni ameneyu kuchokera ku makala pamene akupopa mvukuto. Wosula akatenthetsa nkhwangwa mpaka kufiira n'kuiviika m'madzi, amatsekera kaboniyo pamalo asanapeze mpata wotuluka, ndipo mpeni wake umauma kwambiri. Akaumitsa mopitirira, nkhwangwa imabenthuka pa mtengo wouma, choncho amaitenthetsanso pang'ono kuti ibwezeko mtima. Kaboni akachuluka kufika magawo atatu kapena anayi pa 100, mumapeza chitsulo cha miphika yakuda ya miyendo itatu, imene imapirira moto zaka zambiri koma ikagwa pa simenti imang'aluka ngati mbiya.

Kusakaniza kuli ndi mtengo wake. Maatomu achilendo amene amatchinga timakwinya amatchinganso maelekitironi, motero chitsulo chosakaniza sichidutsa bwino magetsi. N'chifukwa chake mkuwa wa ku Copperbelt ku Zambia, wochokera m'migodi ya ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola, umayengedwa mpaka kufika 99.99 peresenti usanapangidwe waya. Kayengedwe kake kamadutsa m'mitundu iwiri yonse ya mgwirizano, wa maayoni ndi wa zitsulo. Chigamba cha mkuwa wosayera chimamizidwa m'madzi a asidi obiriwira ngati thambo, moyang'anizana ndi chigamba china chopyapyala. Magetsi akayatsidwa, maatomu a mkuwa amasiya maelekitironi awiriawiri n'kulowa m'madzimo ngati maayoni, amasambira kupita tsidya linalo, amalandiranso maelekitironi n'kukhalanso chitsulo. Zinyalala zimagwera pansi ngati matope, ndipo m'matopemo mumapezeka siliva ndi golide.

Kunena zoona, zitsulo zambiri m'nthaka zimapezeka zili maayoni, zitagwirana ndi okosijeni kapena safa (sulufule). Ntchito ya ng'anjo iliyonse, yamakolo kapena yamakono, ndi kubwezera chitsulo maelekitironi amene chinalandidwa. Aluminiyamu ndiye imaonetsa bwino kuvuta kwake. Ndi chitsulo chochuluka kuposa china chilichonse m'nthaka, pafupifupi magawo 8 pa 100, koma atomu yake imataya maelekitironi atatu ndipo imagwirana ndi okosijeni mwamphamvu moti makala sangazilekanitse. Inali yosowa ndi yodula kwambiri mpaka 1886, pamene Charles Hall ku America ndi Paul Héroult ku France, aliyense payekha, anapeza njira yosungunulira aluminiyamu yogwirana ndi okosijeniyo m'mchere wina wotentha madigiri pafupifupi 950 n'kudutsitsamo magetsi ochuluka. Fakitale ya Mozal pafupi ndi Maputo, imene inayamba ntchito m'chaka cha 2000, inamangidwa pa njira yomweyi, ndipo fakitale yotere imadya magetsi ngati mzinda wathunthu. Koma chitsulocho chikangopezeka, kuchisungunulanso kumafuna pafupifupi magawo asanu okha pa 100 a mphamvu ija. Amisiri a m'matauni athu amene amatola zidutswa za injini ndi zitini n'kuumba mapoto mumchenga amangofunika madigiri 660, amene makala ndi chopemerera zimakwanitsa. Ngongole yaikulu ya magetsi inalipiridwa kale kwina.

Mitundu iwiri ya mgwirizanoyi si mipanda yosadumphika. Pali mtundu wachitatu, pamene maatomu awiri amagawana maelekitironi pakati pawo osawataya kapena kuwamasula, umene Gilbert Lewis anaufotokoza mu 1916, chaka chomwe Walther Kossel anafotokoza za maayoni. Zinthu zambiri zili pakatikati. Mwala wa laimu, choko ndi feteleza wina muli magulu a maatomu ogawana mkati mwake, koma gulu ndi gulu n'kumakokana ngati maayoni.

Ndipo chitsulo chikasiyidwa panja chimayamba ulendo wobwerera. Dzimbiri ndi ayironi imene yabwezanso maelekitironi ake kwa okosijeni mothandizidwa ndi chinyezi. Kandani khasu lochita dzimbiri, muona kuti chofiiracho sichipindika, sichinyezimira, chimangofumbutuka ngati mchere. Madzi a mchere amafulumizitsa zimenezi chifukwa maayoni ake amathandiza magetsi kuyenda pamwamba pa chitsulo. Aluminiyamu nayo imagwidwa ndi okosijeni, mwachangu kuposa ayironi, koma khungu limene limapangika ndi lopyapyala, lomamatira ndi losalowa mpweya, moti limateteza zamkati. Dzimbiri la ayironi limatupa n'kusendeka, kusiya pansi pake poyera kuti padyekenso.

Malata a denga amawakuta ndi zinki pa chifukwa chimenechi. Zinki imataya maelekitironi mosavuta kuposa ayironi, choncho ngakhale lata litakandika, mvula imayamba kudya zinkiyo, ndipo maelekitironi ake amayenda m'chitsulo kukateteza pamene pakandikapo. Zimatero chaka ndi chaka mpaka zinki ya pamalopo itatha. Mukakwera padenga lakale mudzaona kuti kufiira kumayambira pamabowo a misomali ndi m'mphepete modulidwa, ndiponso pamene masamba a mango anaunjikana n'kusunga chinyezi dzinja lonse.